Mafestivo aku Beijing akunenepa, nanga mabandi a mawa aphukira kuti?

Amene mumatsatira nkhani zaku China mwina munamvapo kuti kuyambira 2023 dziko lija lapenga ndi mafestivo a nyimbo. Malamulo a Covid atangochotsedwa kumapeto kwa 2022 anthu anatuluka m'nyumba ali ndi ludzu, ndiye chaka chotsatiracho holide iliyonse, kaya ya pa 1 May kaya ya sabata yoyamba ya October, kunali mashoo paliponse, olo timizinda tomwe sitinamvekepo pa nkhani ya magitala nato tinali ndi festivo yaketu. Anthu akaona zithunzi za chikhamu chija, mbendera zili petupetu, achinyamata atanyamulana m'mapewa, amangoti basi rock yaku China yafika pachimake. Ineyo ndikukana. Ndipo umboni wanga ndi Beijing, chifukwa ndi komwe zonsezi zinabadwira, komanso ndi komwe zikuonekera poyera kuti festivo itha kumanenepa pomwe nyimbo zenizenizo zikuwonda.

Tiyambe ndi komwe mabandi amene akudzadza masiteji lerowa anachokera, chifukwa sanagwe kumwamba ayi. Mu 1986 Cui Jian anakwera pa siteji ku Beijing atakoleka gitala, mwendo umodzi wa thalauza uli wopinda, n'kuyimba mokalipa nyimbo yomwe ambiri amati ndi yomwe inatsegula chitseko cha rock m'dzikomo. Koma amene anabwera pambuyo pake sanaphunzire nyimbo pa wailesi ya boma. Anaphunzirira pa makaseti ndi ma CD otchedwa dakou, omwe makampani aku America amawataya akalephera kugulitsa, amawacheka pang'ono m'mbali kuti asagulitsidwenso kenako n'kuwatumiza ku China ngati zinyalala za pulasitiki. Anyamata amagula kasetiyo motchipa, kumasula tizomangira, kulumikiza tepi yodukayo ndi selotepi, n'kumamvera mpaka itatha mphamvu, nyimbo yomwe inali pomwe panachekedwapo osaimva konse mpaka kalekale. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ambiri mwa iwowa amakhala ku Shucun, kamudzi ka kumpoto kwa mzindawu komwe lendi inali yotsika, tizipinda topanda chotenthetsera m'nyengo yozizira ija yaku Beijing, akumaphimba makoma ndi mabulangete kuti phokoso la pulakatisi lisavutitse aneba. Bandi ya Miserable Faith, yomwe lero dzina lake limalembedwa ndi zilembo zikuluzikulu pamwamba pa positala, inachokera m'moyo umenewo.

Festivo yoyamba ya Midi mu 2000 sinali bizinesi. Inachitikira mu holo ya sukulu ya nyimbo ya Midi, yomwe inatsegulidwa mu 1993, ndipo kulowa kunali kwaulere, oyimba ndi oonera anali anthu amodzimodziwo, wina akatsika pa siteji amakaima m'gulu kuonera mnzake. Mu 2004 ndi pomwe inatuluka kupita ku paki n'kuyamba kulipiritsa, tikiti 10 yuan (ndalama yaku China). Zaka zotsatira inakhazikika ku Haidian Park, mkati mwa mzinda, komwe mwana wasukulu amatha kufika pa basi n'kubwerera kukagona kwawo. Kenako Modern Sky, kampani ya nyimbo yomwe Shen Lihui anayambitsa mu 1997, inabweretsa Strawberry Festival mu 2009 ku Tongzhou, yowala, ya fashoni, yokoka anthu omwe sankadziona ngati a rock. Apa ndi pomwe ndalama inayamba kulowa.

Koma festivo ndi masiku atatu pachaka. Masiku ena onsewo bandi imakhala kuti? Imakhala m'tizipinda tomwe kumeneko amangotitchula kuti livehouse, ndipo apa ndi pomwe pagona nkhani yanga yonse. Tengani D-22, kabala kopapatiza ku Wudaokou, dera la mayunivesite, komwe Michael Pettis, mphunzitsi wa zachuma waku America yemwe ankaphunzitsa ku Peking University, anatsegula mu 2006. Malowo anali aang'ono moti woyimba akatambasula dzanja amakhudza oonera, ndipo phindu lake silinali la ndalama. Phindu lake linali loti bandi yosadziwika, yosatha bwino kuyimba, imapatsidwa siteji sabata ino, sabata yamawa, mwezi wamawa, mpaka itapeza liwu lake. Bandi ya Carsick Cars inakulira momwemo, mabandi a Hedgehog ndi Joyside ankayimbamo, ndipo usiku wa Lachiwiri kunali Zoomin' Night, pomwe ana a zaka 19 kapena 20 amabwera kudzayesa phokoso lomwe panalibe wina aliyense akanawalola kuyesa kwina. Pa usiku ngati umenewo oonera amatha kukhala ochepa kuposa oyimba, ndipo palibe amene amadandaula, chifukwa cholinga chake chinali chomwecho. Kuchokera pamenepo panabadwa kampani yojambula nyimbo ya Maybe Mars mu 2007, ndipo chaka chomwecho Carsick Cars inakayimba ku Europe limodzi ndi bandi yotchuka yaku America ya Sonic Youth.

Mlimi aliyense amadziwa kuti munda wa fodya umayambira ku nazale, ndipo amene waononga nazale chaka chino asamanyadire kukongola kwa munda chifukwa mbande zowokera chaka chamawa alibe. D-22 inatsekedwa kumayambiriro kwa 2012. XP, yomwe anthu omwewo anatsegula m'malo mwake, inatsekedwa mu 2015. 2 Kolegas, ya kubwalo la kanema woonera uli m'galimoto, nayonso inatha. Mao Livehouse ya pamsewu wa Gulou Dongdajie, yomwe kuyambira 2007 inali ngati mayeso omaliza a bandi iliyonse yaku Beijing, chitseko chake chachitsulo cha dzimbiri chija aliyense akuchidziwa, inatsekedwa mu 2016 lendi itakwera mosapiririka. Dzinalo lilipobe, linakatsegulidwanso ku Wukesong m'dera la mashopu ndi malo odyera, malo abwino ndithu, zokuzira mawu zapamwamba, koma si komwe bandi yoyamba kumene ingangolowa n'kupempha usiku umodzi. Yugong Yishan nayo inachoka pamalo ake akale a pa Zhangzizhong Road. Covid itabwera mu 2020 inangomalizitsa zomwe zinali zitayamba kale.

Ena amati ndi msika basi, lendi imakwera paliponse, ku London nakonso mabala a nyimbo akutsekedwa. Zoona, koma ku Beijing si msika wokha. Mu 2017 akuluakulu a mzindawu anayamba kampeni yomanga njerwa pa zitseko ndi mawindo omwe anthu anaboola m'makoma a ma hutong, timisewu takale tija topapatiza, ponena kuti anaboola popanda chilolezo. Munthu umadzuka m'mawa n'kupeza khomo la bala yako lasanduka khoma, makasitomala akulowera pawindo kapena kuseri. Dera la Gulou, lomwe linali mtima wa nyimbo zausiku, linazizira m'miyezi yochepa chabe. November wa chaka chomwecho moto unapha anthu 19 ku Daxing, kumwera kwa mzindawu, ndipo zitatero boma linayamba kugwetsa ndi kusamutsa anthu m'nyumba zotchipa za m'mphepete mwa mzinda, pakati pa dzinja. Omwe anavutika kwambiri anali anthu obwera kudzagwira maganyu kuchokera kumidzi, ndipo sindikufuna kuika oyimba patsogolo pa iwo, koma tizipinda tomwe timagwetsedwato ndi tomwenso woyimba ng'oma wazaka 22 wochokera ku Henan kapena ku Shandong akanakwanitsa kulipira. Shucun ina singabadwenso mumzinda wotero.

Ndiye pali nkhani ya chilolezo. Ku China shoo yolipiritsa imayenera kuvomerezedwa ndi ofesi ya zachikhalidwe isanachitike, mndandanda wa nyimbo ndi mawu ake zimatumizidwa kuti akaziwerenge, ndipo ngati woyimbayo ndi wakunja mawuwo amawamasulira kaye. Zinathina kwambiri Björk, woyimba waku Iceland, atafuula za Tibet pa shoo yake ku Shanghai mu 2008. Mu 2015 unduna wa zachikhalidwe unatulutsa mndandanda wa nyimbo 120 zoletsedwa pa intaneti, 17 mwa izo za gulu la hip hop laku Beijing la In3. Mu 2019 Li Zhi, woyimba waku Nanjing yemwe anali ndi omutsatira ankhaninkhani, anangozimiririka, ulendo wake wa mashoo ku Sichuan unaimitsidwa ndipo nyimbo zake zinachotsedwa pa intaneti. Mu May 2023 wanthabwala wina ku Beijing ananena nthabwala yomwe akuluakulu anati ikunyoza asilikali, kampani yake ya Xiaoguo inalipitsidwa chindapusa choposa 13 miliyoni yuan, ndipo masabata otsatirawo mashoo a nyimbo omwe sizimawakhudza n'komwe anayamba kuimitsidwa mwadzidzidzi, makamaka omwe munali oyimba akunja.

Tsono taganizani, ndani angakwanitse kusenza mtolo umenewu? Kampani yayikulu ili ndi anthu olembedwa ntchito yongoyendetsa mapepala, ili ndi maloya, imadziwana ndi akuluakulu, shoo imodzi ikalephereka imapirira. Mwini kabala ka anthu 100 alibe zimenezo, shoo imodzi ikaimitsidwa Loweruka ndiye kuti lendi ya mwezi umenewo yavuta. Lamulo ndi limodzi koma kulemera kwake si kumodzi. Ndipo choopsa kwambiri si nyimbo zomwe zaletsedwa ayi, ndi nyimbo zomwe sizinalembedwe n'komwe, chifukwa mnyamata amene akudziwa kuti chakudya chake chili pa festivo amayamba yekha kusefa mawu asanawalembe.

Mafestivo enieniwo nawonso anathamangitsidwa mumzinda, anthu ambiri saizindikira mfundo imeneyi. Midi ya 2008 inasunthidwa chifukwa cha masewero a Olympics, ya 2009 inakachitikira ku Zhenjiang, kutali ndi kwawo, ndipo pano nyumba yake yodziwika ili m'mbali mwa nyanja ya Taihu ku Suzhou. Anthu 36 atafa pa mpanipani ku Bund ku Shanghai usiku wa pa 31 December 2014, zilolezo za misonkhano ya anthu ambiri zinavuta, ndipo Strawberry yaku Beijing ya mu May 2015 sinachitike. Itabwerera inali ya kutali, ku Pinggu, ku Yanqing, olo kudutsa malire kulowa m'chigawo cha Hebei. Ndiye amene akufuna kukaonera akonze tikiti ya ma yuan mazana angapo patsiku, thiransipoti, malo ogona, chakudya chodula cha mkati mwa mpanda poti chakunja salola kulowa nacho, ndipo akafuna kuima pafupi ndi siteji nthawi zambiri alipire tikiti ina yapamwamba. Tikitiyo amaigula pa foni, pa mapulogalamu ogulitsa matikiti a Damai kapena ShowStart, yomangiriridwa ku chiphaso chake, ndipo pa mashoo akuluakulu pageti amaunika nkhope. Akuti n'cholinga chothana ndi mavenda a matikiti, ndipo mbali ina chathandizadi. Koma kuchoka pa holo yaulere ya 2000 kufika apa, amene watsala kunja kwa mpanda ndi yemwe uja amene anayambitsa zonsezi, mwana wopanda ndalama yemwe ali ndi gitala.

Zomwezi zinachitikanso kwa ojambula ndi osema. Malo otchedwa 798 ku Dashanzi, mu Beijing momwemo, anali fakitale ya zamagetsi yomwe inamangidwa m'zaka za m'ma 1950 mothandizidwa ndi East Germany, ndipo itafooka, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 amisiri a zaluso analowamo chifukwa maholo ake anali akuluakulu, owala, otchipa. Huang Rui ndi anzake anayambitsa festivo ya zaluso ya Dashanzi mu 2004, ina mwa ntchito yake inali kuonetsa kuti malowo asagwetsedwe, ndipo anapambana, sanagwetsedwe. Koma atapulumuka, eni malo ndi akuluakulu anatenga chiongolero, Huang Rui yemweyo anachotsedwamo, lendi inakwera, amisiri ambiri anasamukira ku Caochangdi ndi ku Songzhuang. Lero 798 ndi malo okongola, nyumba yoonetsera zaluso ya UCCA yomwe inatsegulidwa mu 2007 imaonetsa zinthu zapamwamba zedi, koma ukayenda m'misewu yake ukumana ndi malo omwera khofi, mashopu a mphatso ndi anthu ojambulitsa zithunzi, wosema amene akugwira ntchito yake pompo ndi wosowa. Ku Songzhuang komwe anathawirako, festivo ya makanema oima paokha ya Beijing Independent Film Festival inatsekedwa ndi apolisi mu August 2014 tsiku lomwe imayenera kuyamba. Njira yake ndi imodzimodzi, osauka amapeza malo otayidwa n'kuwapatsa moyo, moyowo ukaoneka kuti ungagulitsidwe eni moyowo amauzidwa kuti asunthe.

Pano ndiyenera kuyankha amene anganditsutse, chifukwa mfundo zawo si zopepuka. Yoyamba ndi yoti oyimba tsopano akudya. Pulogalamu ya mpikisano wa mabandi ya The Big Band itayamba pa tsamba la makanema la iQiyi mu 2019, mabandi omwe anavutika zaka 20 anadziwika m'dziko lonse m'miyezi iwiri, New Pants yomwe inapambana chaka chimenecho inayamba kudzadza mabwalo, Hedgehog yomwe anthu ake ankagwira ntchito zina masana kuti apeze ya lendi inapuma, Wutiaoren yoyimba m'chiyankhulo cha kwawo ku Haifeng inakondedwa ndi anthu omwe samva olo liwu limodzi la chiyankhulocho. Izi ine ndimakondwera nazo ndi mtima wonse. Umphawi si ulemu, ndipo amene amalakalaka kuti woyimba azigonabe m'chipinda chozizira kuti nyimbo zake zikhale "zenizeni" ndi munthu amene iye mwini amagona pofunda. Koma taonani zaka. New Pants inayamba mu 1996. Miserable Faith ndi Second Hand Rose, yomwe inapambana pulogalamu ija mu 2023, zinayamba mu 1999. Hedgehog mu 2005. Maina omwewa ndi amene amazungulira pamwamba pa mapositala kuchoka mzinda uno kupita mzinda winawo, moti oonera aku China eni akewo amadandaula pa tsamba la mchezo la Weibo kuti mafestivo onse akufanana. Okonza festivo akaona kuti rock yokha sikukwanira kugulitsa matikiti amaitana mafano a pop ndi otchuka a pa Douyin (TikTok yaku China), omwe owatsatira awo amabwera m'mamawa kudzagwira malo kutsogolo n'kungoima osagwedezeka mpaka wawoyo atatuluka. Akukolola zomwe zinabzalidwa ku Shucun ndi ku D-22, sakubzala.

Mfundo yachiwiri ndi yamphamvu kuposa yoyambayo, yoti nyimbo sizinafe koma zinangosamuka. Chengdu ili ndi Little Bar kuyambira 1997 ndipo lero ndi likulu la hip hop yaku China, Wuhan ili ndi livehouse ya VOX kuyambira 2005 ndi mbiri yake ya punk ya bandi ya SMZB, ndipo bandi yatsopano pano itha kukwera sitima yothamanga ija n'kuyimba m'mizinda 20 mwezi umodzi, chinthu chomwe mu 2000 chinali maloto. Apa ndikuvomereza ndithu, mabandi abwino atsopano alipo ndipo ambiri sakuchokeranso ku Beijing. Koma izi sizikuchotsa mlandu wa Beijing, zikuutsimikiza. Komanso zomwe zinachitika ku Beijing palibe chomwe chikuletsa kuti zichitike ku Chengdu, chifukwa lendi nakonso ikukwera ndipo ofesi yopereka chilolezo ndi ya boma lomwelo. Mizinda yambiri yomwe ikuitana mafestivo pano ikutero chifukwa cha alendo, mahotela adzadze, dzina la mzinda limveke pa intaneti. Nanyang ku Henan inalandira Midi kumapeto kwa September ndi kumayambiriro kwa October 2023 ndi manja awiri, akuluakulu a mzinda mpaka kukachingamira alendo ku siteshoni, ngakhale zinathera m'manyazi katundu wa anthu atabedwa m'matenti. Mzinda ungathe kuchita zonsezo kwa masiku anayi koma osakhala ndi chipinda chimodzi chomwe ana ake omwe angayimbemo Lachitatu wamba.

Ku Beijing malo otsala alipo, ndipo amene mungapezeke kumeneko, kaya ndi sukulu kaya ndi bizinesi, ndikukupemphani kuti mukawaone musanaganize za festivo. School Bar ili mu Wudaoying Hutong pafupi ndi kachisi wa Yonghegong, inatsegulidwa mu 2010 ndi anthu ogwirizana ndi bandi ya Joyside, ndipo yapirira zonse ndatchulazi. Chitseko chake ukhoza kuchidutsa osachiona. Mkatimo makoma adzadza masitika ndi zolembalemba za mabandi omwe anadutsamo, siteji ndi yotsika moti woyimba ndi woonera amayang'anana m'maso, kukatentha thukuta la gulu lonse limasanganikirana, ndipo bandi imodzi ikamaliza onse amakhamukira panja kukapuma mpweya kwinaku oyimba omwe angotsika kumenewo akunyamula okha zida zawo pakati pa anthu. Usiku umodzi mabandi amakhala atatu kapena anayi, imodzi itha kukhala yoipa ndithu, ina yapakatikati, ina n'kukudabwitsa. Yoipayo ndi yofunika ngati yabwinoyo, chifukwa palibe bandi yomwe inayamba ili yabwino, ndipo pa siteji ya Strawberry palibe malo olakwitsira.

Chomwe ine ndikufuna si choti mafestivo athe. Ndikufuna kuti amene akupindula nawo abweze kanthu komwe anatenga. Modern Sky ndi Midi ali ndi mphamvu yoika bandi yosadziwika pa siteji yayikulu dzuwa litapendeka anthu atadzadza, osati 1 koloko masana pomwe anthu akadali pamzere wa pageti, ndipo ali ndi ndalama zothandizira tizipinda tating'ono tomwe si tawo kuti tisatsekedwe lendi ikakwera. Akuluakulu a mzinda nawo, ngati akufunadi kuti Beijing itchedwe likulu la zachikhalidwe monga amanenera m'mapulani awo, asiye kuyeza kabala ka anthu 100 ndi muyezo womwe amayezera konsati ya ku bwalo lalikulu lamasewero la Bird's Nest, chilolezo cha malo aang'ono chikhale cha chaka osati cha shoo iliyonse, ndipo zipinda zapansi ndi mafakitale akale omwe angokhala opanda ntchito kunja kwa msewu wozungulira mzinda wa Fourth Ring Road awalole achinyamata kuchitiramo pulakatisi pa lendi yomwe woperekera zakudya mu lesitilanti angakwanitse.